Wotchi ya amalume inalowa madzi ku Senga Bay

Amalume anga anagwira ntchito ku Johannesburg zaka zoposa 30. Atabwerera kumudzi ku Dedza mu 2019, anandiitana n'kundipatsa wotchi yawo ya pamkono: Omega Seamaster ya buluu, mtundu uja unayamba kutuluka mu 1993, wolembedwa 300m pankhope, kutanthauza kuti imapirira madzi akuya mamita 300. Anaigula cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 atasunga ndalama nthawi yaitali, ndipo ine ndinakula ndikuiona pamkono pawo akabwera kudzadya nafe Khirisimasi. Anandiveka okha. "Imeneyi sifuna batire," anatero. "Uzingoivala, iziyenda yokha. Ine sinandivutepo."

Ndinalandira ndi manja awiri, koma panali funso limodzi limene sindinafunse: kodi inapita liti ku sevisi? Yankho ndinadzalimva patatha zaka 4, zinthu zitaipa kale. Chiigulireni inali isanatsegulidwepo. Sikuti amalume anali osasamala ayi. Ambirife chinthu timapita nacho kwa amisiri chikafa, ndipo wotchi yotere imatha kuyendabe zaka zambiri mafuta ake atauma, mwini wake osadziwa kanthu. Ngati mwalandira kapena mwagula wotchi yodula imene wina anavalapo, funsani funso limeneli tsiku lomwelo, mupemphenso mapepala ake. Pakasowa pepala, itengeni ngati wotchi imene sinaonepo mmisiri.

Mkati mwa wotchi yamtunduwu mulibe magetsi. Muli sipuling'i yopindidwa imene imasunga mphamvu, ndi kachitsulo kolemera kamene kamazungulira mkono ukamayenda n'kumaipinda sipuling'iyo. Muli kagudumu kamene kamagunda ka 28,800 pa ola, ndiye kuti ka 8 pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku. M'malo ambiri amene zitsulo zimakhudzana muli timadontho ta mafuta tosaoneka bwino ndi maso. Chimene chimaletsa madzi ndi fumbi kufika kumeneko ndi timphira tozungulira: kena kuseri pa chivundikiro, kena m'mbali mwa galasi, tina mkati mwa kabatani kokonzera nthawi kamene amisiri amakatcha crown. A Omega amalangiza sevisi pakatha zaka 5 mpaka 8, ndiponso kuyeza chaka chilichonse ngati wotchi ikadali yosalowa madzi. A Rolex amanena zaka pafupifupi 10. Yanga inali itadutsa zaka 20 ndi timphira tomwe inachoka nato ku Switzerland.

Ndinkaivala tsiku ndi tsiku mu Lilongwe, m'minibasi, pa kabaza, ku ofesi, kumaliro ndi kumaukwati. Amene amakhala mumzindawu akudziwa fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala. Fumbilo likakumana ndi thukuta limalowa m'mfundo za lamba wachitsulo, ndipo pakapita nthawi mkono wa shati yoyera umayamba kuda bii pamene pakhudza wotchi. Ukwati wa mng'ono wanga utayandikira, ndinaganiza zoitsuka kuti iwale. Ndinayamba ndi mankhwala otsukira mano, kenako ndinatenga polishi wa zitsulo wa m'kachitini uja timapukutira zogwirira zitseko. Ndinakwecha usiku wonse mpaka inati waliwali, ndipo ndinagona wokondwa.

Kuwalako kunali kuwonongeka. Lamba wa wotchiyi ali ndi maonekedwe awiri: mbali zina ndi zosalala ngati kalilole, zina zili ndi timizere ting'onoting'ono toikidwa dala kufakitale. Polishi amawalitsa chitsulo pochidya, choncho timizere tija tinafufutika ndipo ngodya zakuthwa zinakhala zobulungira. Mkombero wa buluu wozungulira galasi, umene uli wa aluminiyamu, unatuwa mbali imodzi. Choipa koposa n'chakuti phala la polishi linalowa pansi pa mkomberowo ndi m'mazinga a kabatani, n'kuumira momwemo. Mawotchi ena ali ndi utoto wopyapyala kunja kwa galasi woletsa kuthwanima, ndipo polishi amausenda umenewo kosabwereranso. Phulusa, waya wokwechera mapoto, bulichi, parafini ndi petulo zisayandikire n'komwe.

Ndinkasambanso nayo madzi otentha ndi sopo, ndinkadzola mafuta ndi kupopera perefyumu ili pamkono, ndipo nyengo ya udzudzu ndinkapaka mankhwala othamangitsa udzudzu mpaka pansi pa lamba. Zonsezi zimakalambitsa mphira msanga.

Wotchi inandichenjeza, kungoti sindinkadziwa kumva. Kabatani kanayamba kukhakhala pokatseka, ndipo kankangogwira mazinga pang'ono n'kuima. Wotchi inkatsalira pafupifupi theka la mphindi patsiku. Pankhope pake palembedwa chronometer, kutanthauza kuti makina ake anayesedwa ndi bungwe la COSC la ku Switzerland kwa masiku 15 ndipo amayenera kusatsalira masekondi oposa 4 kapena kuthamanga oposa 6 patsiku. Ndikaivula Lachisanu madzulo, Loweruka masana inkakhala itaima, chonsecho makina ake, otchedwa 1120, amayenera kuyenda maola 44 osakhudzidwa. Ine ndinkangoikonza poyang'ana nthawi ya pa foni n'kupitiriza ulendo. Zizindikiro zitatu zimenezi zikaonekera pamodzi, wotchi isayandikirenso madzi mpaka itaonedwa.

Mu Okutobala 2023, pa tchuthi cha tsiku la anakubala, tinapita ndi amayi, akazi anga ndi ana ku Senga Bay. Dzuwa linali loswa mtengo. Ana atandiitana kuti ndilowe nawo m'nyanja, ndinasiya foni ndi chikwama m'manja mwa amayi awo, koma wotchi ndinalowa nayo. Ndinkati wotchi yopirira mamita 300 singavutike ndi madzi olekeza m'chifuwa. Inali itatentha padzuwa, ndipo madzi anali ozizirirapo. Zikatero mpweya wa mkati umafota mwadzidzidzi, ndipo ngati timphira tauma, madzi amakokedwera mkati.

Pobwerera madzulo, tikukwera zitunda za msewu wa Salima kunja kutayamba kuzizira, ndinati ndione nthawi. Theka la galasi linali mbee ndi nkhungu ya mkati. Ndinapukuta ndi chala, osachoka. Mtima unangoti phwii. Sindinauze aliyense m'galimotomo, koma akazi anga anaona nkhope yanga n'kufunsa, "Bambo a Chisomo, kwagwanji?" Ndinangowaonetsa mkono.

Malangizo anabwera ambiri. Wina anati ndiikwirire mu mpunga, wina anati ndiiyanike padzuwa. Ndinachita zonse. Masana nkhungu inkachoka ndipo mtima unkakhala m'malo, usiku inkabwereranso. Zimene ndikanakonda kudziwa n'zakuti nkhungu ikachoka pagalasi madzi sanatuluke, angosamukira ku makina. Mpunga sungakoke madzi amene atsekeredwa mkati mwa chitsulo. Tizitsulo ta mkati timayamba dzimbiri pamasiku ochepa chabe, ndipo ine ndinataya pafupifupi masabata awiri ndikuyembekeza kuti iuma yokha. M'nkhani yonseyi, kuchedwa kumeneku ndiko kunandidyera ndalama zambiri.

Nditaona kadontho kofiirira pafupi ndi kazenera ka deti, ndinathamangira m'tauni kwa bambo wina wokonza mawotchi pa kathebulo kagalasi. Ndikufuna kunena mwachilungamo za anthu amenewa. Amadziwa ntchito yawo: kusintha mabatire, kufupikitsa malamba, kubwezeretsa mivi yogwa. Mawotchi ambiri mumzindawu akuyenda chifukwa cha iwo. Koma wotchi ya sipuling'i yosalowa madzi imafuna zida zimene kathebulo kaja kalibe. "Bwana, iyi ndi nkhani yaing'ono," anatero. Chotsegulira chawo sichinakwane bwino pa chivundikiro, chinaterereka n'kusiya chikande chozama. Atatsegula anapemerera ndi kampira ka mpweya, kenako anatenga kabotolo ka mafuta a makina osokera n'kudonthezera mkati. Anabwezera kamphira komweko kophwatalala kaja, natseka. Ndinalipira K5,000 ndipo wotchi inali ikuyenda.

Pofika m'mawa inali itathamanga pafupifupi ola lathunthu. Tsiku lotsatira inaima zii. Mafuta aja anafika pa kasipuling'i kochepa kuposa tsitsi la munthu kamene kamalamulira kagudumu kogunda kaja, mizere yake inamatana, ndipo nthawi inasokonekera. Amisiri a mawotchi amagwiritsa ntchito mafuta amitundu ingapo m'makina amodzi, uliwonse pamalo pake, powaika ndi nsonga ya kasingano. Dontho limodzi la m'botolo ndi chigumula mmenemo.

Kutsegulako pakokha sikunali kolakwika, ndipo apa mundimvetse bwino. Wotchi ikalowa madzi inu muli kutali ndi malo a sevisi, kokani kabatani kuti iime, ndipo pezani tsiku lomwelo mmisiri amene ali ndi chotsegulira chokwana bwino. Mumupemphe chinthu chimodzi chokha: atsegule, aumitse, atseke. Asathire mafuta, asamasule kanthu. Mukatero mwagula nthawi yoti muitumize kwa oyenera dzimbiri lisanafalikire.

Chovuta kuposa zonse chinali kupita ku Dedza. Ndinaika wotchi patebulo pamaso pa amalume, n'kufotokoza kuyambira pa polishi mpaka pa kathebulo. Anaitenga, naitembenuza, nayang'ana chikande chija nthawi yaitali osayankhula. Ine manyazi anali atandigwira mpaka pakhosi. Kenako anafunsa, "Nanga bwanji sunandiimbire tsiku lomwelo?" Ndinalibe poyankha. Ndi pamenepo pamene anandiuza kuti iwonso sanaipititsepo ku sevisi. "Mlandu si wako wekha," anatero. "Tiyeni tione chochita." Madzulo omwewo anaimbira mnzawo wakale wa ku Johannesburg, amene anatilozera malo ovomerezeka kukonza mawotchi amtunduwu.

Wotchi inapita ku Johannesburg ndi msuweni wanga amene amayenda pa basi kukaoda katundu. Tisanasiyane ndinaijambula mbali zonse pa foni, ndinalemba nambala yake imene ili kuseri kwa khutu limodzi logwira lamba, ndipo ndinalemba papepala zonse zimene zinaichitikira, osabisa polishi kapena mafuta aja. Mmisiri akamva zoona amadziwa poyambira. Msuweni wanga anaisunga pathupi, osati m'chikwama cha pansi pa basi, ndipo atafika anatenga risiti yolembedwa nambala ya wotchiyo.

Patapita masiku angapo kunabwera kotesheni pamodzi ndi zithunzi. Dzimbiri linali litagwira kamtengo ka chitsulo kochokera ku kabatani ndi tizitsulo tosinthira nthawi. Timphira tonse tinali touma, kena kosweka. Mazinga a kabatani anali atadyeka ndipo munali phala louma la polishi. Mivi inali itathimbirira, nkhope inali ndi banga pafupi ndi deti, ndipo timapini ta lamba tinali titadyeka moti lambayo ankalendewera. Sevisi yeniyeniyo, imene ndikanalipira ndikanaitumiza isanalowe madzi, inali pafupifupi theka la ndalama zonse. Theka linalo linali la madzi, polishi ndi litsiro.

Ndinapempha kuyankhula ndi mmisiri amene anaitsegula, bambo wachikulire wodekha. Ndinamufunsa za 300m ija, mawu anga akusonyeza kudandaula. Anandiyankha kuti nambalayo inali yoona tsiku limene wotchi inayesedwa kufakitale, ndipo ikhalanso yoona tsiku limene iye adzaiyeze akamaliza. Pakati pa masiku awiri amenewa zonse zimadalira timphira, ndipo mphira amakalamba kaya wotchi ikuvalidwa kaya ili m'bokosi. Za lamba anandiuza kuti fumbi ndi thukuta zikaumbana m'mfundo zimagwira ntchito ngati mchenga wokwechera mphika: mkono ukagwedezeka, zimapala timapini pang'onopang'ono. Galasi lolimba la wotchi lotchedwa sapphire limanamiza anthu, anatero. Pa muyeso wa kulimba wa Mohs lili pa 9 pamene mchenga uli pa 7, choncho limakhalabe loyera ngati latsopano. Chitsulo ndi chofewa kuposa mchenga, ndipo n'chimene chimavutika.

Ndili mkati mosonkhanitsa ndalama, mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kotesheni inali m'marandi. Pa K100,000 iliyonse imene ndinkayembekeza kulipira, tsopano pankafunika pafupifupi K144,000, ndipo kupeza ndalama zakunja kunalinso kovuta. Ndinazizidwa nkhongono. Usiku wina ndinaganiza zongoitanitsa wotchiyo ibwere yakufa ndiisunge m'kabati. Akazi anga ndi amene anakana. Anatenga ngongole ku banki m'khonde yawo, amalume anagulitsa mbuzi, ine ndinaonjezera zimene ndinali nazo. Zonse pamodzi zinayandikira malipiro anga a miyezi itatu, ndipo ngongoleyo tinaibweza mpaka nthawi yokolola.

Sindinavomere zonse za pa kotesheni, ndipo ndi ufulu wanu kufunsa chimene chili chokakamiza ndi chimene chili chongokongoletsa. Nkhope yatsopano ndinakana, chifukwa bangalo siliwononga kayendedwe ndipo ndinkafuna nkhope imene amalume anaiyang'ana zaka zonsezo. Lamba watsopano ndinakananso, anangosintha timapini. Ndinavomera kabatani katsopano, mivi, timphira ndi tizitsulo tadzimbiri. Ndinavomeranso kuti abwezeretse timizere ta lamba ndi makina awo, koma mmisiri anandichenjeza kuti ntchito imeneyi imachotsa chitsulo nthawi iliyonse, choncho singachitike kambirimbiri. Ngati simukufuna kuti wotchi yanu ipolishidwe kapena kuti nkhope isinthidwe, lembani zimenezi poipereka, ndipo pemphani kuti zitsulo zakale akubwezereni.

Kenako kunali kudikira. Disembala anthu anatseka kupita kutchuthi, zitsulo zina zinachokera ku Switzerland, ndipo atamaliza kumanga anaisunga masiku angapo akuyeza kayendedwe kake. Inabwera mu Malichi 2024, patatha miyezi pafupifupi 5, ndi pepala la chitsimikizo cha zaka 2. Amene akutumiza wotchi kunja asayembekezere masabata awiri.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga imathera kunja kwa wotchi, ndipo ndi yochepa kuposa mmene ndinkaganizira. Madzulo aliwonse ndikaivula ndimaipukuta ndi kansalu kofewa kopukutira magalasi a maso, makamaka kuseri ndi pansi pa lamba pamene pamakhala thukuta. Kansaluko kamachapidwa pafupipafupi, chifukwa kakadzaza fumbi kamakanda.

Kutsuka ndi madzi ndimachita kamodzi pamwezi, koma nyengo ya fumbi ndimachita masabata awiri alionse. Choyamba ndimaonetsetsa kuti kabatani katsekedwa mpaka pamapeto. Wotchiyi ili ndi kabatani kachiwiri pa 10 koloko, kotulutsira mpweya wa helium kwa anthu ogwira ntchito pansi pa nyanja, ndipo nakonso ndimakayesa ngati kali kothina. Ndimatsukira m'beseni la pulasitiki, pansi nditayala thawulo, osati pa sinki ya simenti pamene ikapulumuka m'manja a sopo imagwera polimba. Ndimayamba n'kuithira madzi ofunda okhaokha kuti fumbi lichoke mswachi usanafike, chifukwa kukwecha pa fumbi louma ndiko kumabweretsa zikande. Kenako kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wofatsa, ndi mswachi wofewa wa mwana umene sugwira ntchito ina iliyonse. Ndimapinda lamba kuti mfundo zitseguke, n'kulowetsa mswachi pakati pake, mkati mwa chotsekera, pakati pa makutu ogwira lamba ndi m'mbali mwa chivundikiro. Osakanikiza. Madzi oyamba amatuluka otuwa ngakhale wotchi imaoneka yoyera. Potsukuluza ndimazungulitsa mkombero kangapo m'madzi oyera kuti timchenga tituluke pansi pake. Ndimaumitsa posindikiza kansalu, kenako ndimaisiya pa thawulo pamthunzi. Padzuwa, pafupi ndi mbaula kapena pa choumitsira tsitsi ayi. Madzi a pa mjigo amasiya timawanga toyera akauma okha, choncho musachedwe kupukuta.

Zimenezi ndi za wotchi imene yayesedwa posachedwa. Ngati yanu sinayesedwe, kapena yalembedwa 30m, imene imangopirira mvula ndi madontho a posamba m'manja, musaiviike. Pukutani mutu wake ndi kansalu konyowa pang'ono, ndipo lamba yekha ndiye alowe m'madzi, makamaka atachotsedwa. Makina onjenjemeretsa madzi amene ogulitsa mphete amatsukira katundu wawo ndi abwino kwa lamba wachitsulo wochotsedwa, koma mutu wa wotchi usalowemo. Lamba wachikopa safuna madzi konse: amamwa thukuta, amanunkha, amasweka. Amene ali naye amupumitse miyezi yotentha, avale wachitsulo kapena wamphira. Wotchi yagolide imafuna dzanja lopepuka kuposa apa, pakuti golide ndi wofewa kuposa chitsulo.

Patatha miyezi ingapo ndinachitanso mantha. Wotchi inayamba kuthamanga mphindi ziwiri patsiku. Ndinaganiza za ngongole ija ndipo tulo tinasowa. Nditalembera mmisiri uja, funso lake loyamba linali lakuti ndimaiika pati usiku. Ndinkaiika pamwamba pa kasipika ka Bluetooth pafupi ndi bedi. M'sipika muli maginito, chimodzimodzinso m'laputopu, m'zikuto zina za matabuleti ndi mafoni, m'zotsekera zikwama za amayi ndi pa chitseko cha firiji. Maginito akagwira kasipuling'i kaja, mizere yake imakokana ndipo wotchi imathamanga. Anandiuza kuti ndiiyandikize kwa kampasi, ndipo muvi wa kampasi unatembenuka kuitsatira. Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchipa kochotsa maginito, kamene msuweni wanga anabwera nako. Ntchito yake ndi ya masekondi ochepa, osatsegula wotchi. Ma Omega atsopano olembedwa Master Chronometer, amene anayamba mu 2015, amapirira maginito ofika 15,000 gauss, umene ndi muyeso wa mphamvu ya maginito. Akale ngati yangayi alibe chitetezo chotero, choncho tsopano imagona m'bokosi lake m'dirowa, kutali ndi zamagetsi. Nyengo ya mvula ndimaikamo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Sigona pamodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo.

Pali zina zing'onozing'ono zimene mmisiri anandiphunzitsa. Deti lisasinthidwe ndi kabatani pamene mivi ili pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'bandakucha, chifukwa nthawi imeneyo magiya osintha deti amakhala atalumana kale ndipo mukhoza kuthyola dzino. Wotchi ikaima simudziwa ngati ikuonetsa usiku kapena masana, ndiye yambani mwapititsa mivi pa 6 koloko, musinthe deti, kenako mukonze nthawi. Ikaima, ivuleni pamkono n'kuipinda ndi kabatani ka 30 kapena kuposerapo pang'ono; kupinda ili pamkono kumakhotetsa kamtengo kaja. Potseka kabatani, kakanikizeni pang'ono, mukabweze m'mbuyo mpaka mumve mazinga akumana, ndiyeno mutseke ndi zala ziwiri mopanda mphamvu. Kakakana, musakakakamize. M'madzi kabatani sakhudza. Mukachoka kunyanja kapena ku dziwe losambira, itsukuluzeni ndi madzi oyera tsiku lomwelo.

Ndikapita kumudzi ndimaivula ndisanagwire khasu, nkhwangwa kapena hamala, komanso ndisanalowe m'bwalo la mpira. Kugunda kobwerezabwereza kumasokoneza makina ngakhale kunja kusaoneke kanthu. Kuvala ndi kuvula ndimachitira pamwamba pa bedi. Perefyumu ndi mafuta odzola zimayamba, wotchi imabwera pomaliza khungu litauma. Kubafa sipitanso. Amene ali ndi mawotchi angapo, yosavalidwayo aziipinda kamodzi pamwezi, ndipo ya batire isasiyidwe ndi batire lakufa mkati, chifukwa limatha kuchucha n'kudya makina.

Chimene chandithandiza kwambiri ndi kakope kakang'ono. Lamlungu lililonse m'mawa ndimayerekeza wotchi ndi nthawi ya pa foni n'kulemba kusiyana kwake. Panopa imathamanga masekondi 2 kapena 3 patsiku, sabata ndi sabata. Nambala yeniyeniyo si yofunika kwambiri. Chofunika ndi kuona ikasintha. Ikathamanga mwadzidzidzi, ndimayamba kukayikira maginito. Ikayamba kutsalira pang'onopang'ono, kapena kuima msanga ikavulidwa, kapena kabatani kakayamba kukhakhala, ndiye kuti yakwana nthawi yoonana ndi mmisiri, ngakhale zaka zisanakwane.

Kuyeza madzi kwa chaka ndi chaka ndiko kovuta kwa ife okhala kutali. Ntchitoyo payokha ndi ya mphindi zochepa: amaiika m'kachipangizo ka mpweya osaitsegula, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi sevisi. Ine ndimaipereka kwa msuweni wanga akamapita ku Johannesburg, amakaiyezetsa n'kubwera nayo ulendo womwewo pamodzi ndi kapepala ka zotsatira. Chaka chimene sizingatheke, wotchi silowa m'beseni, imangopukutidwa ndi kansalu konyowa, ndipo tikamapita kunyanja imatsala kunyumba. Sevisi yotsatira ikugwera pakati pa 2029 ndi 2032. Ndinatsegula akaunti yapadera imene ndimaikamo kandalama mwezi uliwonse, ndipo risiti, chitsimikizo, zithunzi, nambala ya wotchi ndi zitsulo zakale zili mu envelopu imodzi imene akazi anga akudziwa pamene ili.